Kapitawo ndi Lichero la Abambo

Balaka,
Okutobala 1954

Mlongo wanga Dalesi,

Ndiyambe ndi moni, pakuti ngakhale wobwera ndi mlandu amayamba wakhala pansi. Uli bwanji kunyanjako? Ana ali bwanji? Chifuwa cha Nelia chija chinatha? Alamu anga a Jimu, ndikudziwa kuti amene mukumuwerengera kalatayi ndinu, choncho landirani moni wanu. Muwerenge zonse monga ndalembera. Musadumphe pamene ndamukalipira mkazi wanuyo, komanso musawonjezepo zanu.

Kuno tadzuka. Mlamu wako Bernadetta ali bwino. Abambo ali bwino, ndipo sindikunena izi pongofuna kukutonthoza. Mapazi aja akuuma. Lamanja lamera kale khungu latsopano, lamanzere ndi limene likuchedwa chakuchidendene. Asisitere akuchipatala akuti chachikulu asaponde m'madzi kapena m'fumbi kufikira iwo atalola.

Ndikudziwa kuti kalatayi yatsogoleredwa ndi uthenga wina, umene unapita ndi Wadson wa lole uja, wakuti ubwere msanga udzawatenge abambo chifukwa kwa mwana wawo sangathe kukhalako. Uthengawo si wabodza, anatuma ndi eni ake. Koma usanamange kamtolo kako, khala pansi umve mlandu wonse, chifukwa amene anauyambitsa ndiwe.

Inde, iweyo. Ananditumizira mphaka ndani? Ine ndinangodandaula kamodzi, pamaliro a azakhali paja, kuti makoswe a ku Balaka akunditherera mabuku. Sindinapemphe kanthu. Ndinangoona dengu la nsomba likutsika pa lole likulira. Mphakayo analowa m'nyumba muno monga chinalowera Chitaganya m'dziko muno: osafunsidwa, tinangouzidwa kuti n'chotithandiza.

Bernadetta anamutcha Kapitawo, poti ntchito imene amaidziwa bwino ndi kukhala pamthunzi n'kumayang'anira anzake akutuluka thukuta. Koma ndisamunamizire. Makoswe anasamuka onse, ena ndi moyo, ena kudzera m'mimba mwake. Ndipo pa nkhani yodzithandiza anali waulemu. Ankapita kuseri kwa khitchini, padzala la phulusa, n'kufotsera bwinobwino kuposa ana ambiri a m'sukulu zimene ndimaziyenderazi.

Katundu wachiwiri amene unanditumizira osandifunsa ndi abambo.

Pamene moto wa lupsa unawatentha padambo paja, chipatala cha ku Zomba chinalipo, ndipo njira yake ukuidziwa. Iwe unamuuza Wadson kuti awoloke Shire pa Liwonde, akawatule ku Balaka, pakhomo panga. Usaganize kuti sindinaone chimene unachita. Chibatizidwire changa ndili mnyamata kusukulu ya mishoni, abambo athu Che Sabiti sanadyepo m'mbale yanga, sanagonepo pansi pa denga langa. Tikakumana pamaliro unali moni basi, ngati anthu okumana padoko. Iwe unaona kuti munthu wopsa mapazi sathawa, n'kupezerapo mwayi. Ndiwe wochenjera moipa, ndipo ndidzakuthokoza pakutha pa kalatayi ukamva kaye zimene wandionetsa.

Tinawalandira monga tikanathera. Tinagula miphika yatsopano ndi mbale zake kwa Mmwenye, kuti pasakhale chokayikitsa. Nyama tinkagula kwa wozinga wa Chisilamu kumsika. Ndinatulutsa mabuku m'chipinda chaching'ono chija, n'kuikamo bedi langa lomwe. M'mawa ndi madzulo ndinkawabereka kumsana kupita nawo kuchimbudzi, ndipo ndinadabwa kuti munthu amene ankakoka bwato yekha pamatope akupepuka ngati mtolo wa bango.

Iwo ulemu wawo unali woopsa. Chilichonse sikomo, zikomo wathu wa Chiyao uja. Madzi sikomo, chakudya sikomo, kuwabereka sikomo. Ine ankanditchula kuti aphunzitsi, inu aphunzitsi, ngati ndabwera kudzalemba msonkho. Ikakwana nthawi ya swala, pemphero lawo lija, ankapempha madzi, n'kupemphanso kuti tiwatsekere chitseko. Tinkangomva kung'ung'udza kwawo kuseri kwake, ife n'kumayenda monyang'ama.

Katundu wawo ukumudziwa, unamanga ndiwe: kamkeka koswalirapo, mikanda yawo ija, kalichero kakang'ono, ndi kathumba kolemera. Zonse anazikankhira pansi pa bedi ndi ndodo, n'kuphimba ndi nsalu. Kathumbako ife tinkati ndi mpunga wa ku Chiuta. Bernadetta anadikira kuti apatsidwe aphike, sanapatsidwe. Anandinong'oneza kuti kapena apongozi safuna kuti mpunga wawo ugwidwe ndi manja a Mkhristu. Ndinamuuza kuti apirire, zaka zambiri sizisungunuka tsiku limodzi.

Patapita masiku ochepa m'chipindamo munayamba fungo.

Sindikufotokozera kuti linali lotani, alamu angatsamwe powerenga. Bernadetta ankasesa ndi kukolopa abambo akakhala pakhonde. Simenti yonse mbee, pakona palibe kanthu, koma fungo lili pomwepo. Pansi pa bedi sankafikapo, ndipo iwenso sukanafikapo. Mpongozi sapisa dzanja m'katundu wa apongozi ake. Kapitawo sitinamuganizire n'komwe. Anali ndi mbiri yabwino, ndipo palibe amene anali ndi ntchito yokawerenga kuti padzala pafika zingati.

Tsiku lina Bernadetta anandikokera kukhitchini misozi ili m'maso. Anati taganizani, bambo. Inu mumachoka m'mawa ndi njinga, mumabwera dzuwa litapendeka. Masana onsewa munthu wamkulu akapanikizika auza ndani? Ine? Angayambe bwanji? Ndiye kuti akudzithandiza momwemo n'kumabisa chifukwa cha manyazi.

Ine mlongo wako, amene ndinakafika mpaka ku Makerere kukaphunzira kuti munthu asamagamule mlandu asanaone umboni, ndinavomera nthawi yomweyo. Zinkamveka bwino kwambiri. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo nkhani yomvetsa chisoni munthu safulumira kuikayikira.

Tsono tandiuza, mwana amawafunsa bwanji bambo ake funso lotere? Ndinayesa kulikonza m'Chinyanja, silinatheke. M'Chiyao linafika poipa. M'Chingerezi linatheka, koma abambo sakanamva, ndiye mwina n'chifukwa chake linatheka.

Choncho tinachita zanzeru. Ndinabwerera kwa Mmwenye n'kugula mphika uja azungu amasunga kuchipinda, woyera, wa mzere wabuluu m'milomo, wokhala ndi chivundikiro chake. Ndinalowa nawo mwakachetechete n'kuuika kumiyendo kwa bedi, osanena kanthu. Bernadetta anayamba kufukiza lubani pakhomo pa chipindacho, ndi kundituma tsiku lililonse kuti ndikapemphe zovala zawo achape. Tinkadziona ngati anthu achifundo kwambiri m'Balaka monse.

Abambo anauyang'ana mphikawo. Anandiyang'ana ine. Kenaka anatembenukira kukhoma.

Kuyambira pamenepo chakudya chinkabwerera chitangotsinidwa pambali. Madzi a swala anasiya kupempha. Kung'ung'udza kuja kunali kutasiya kale masiku angapo m'mbuyomo, ndipo ine ndinazindikira, koma ndinati ndi kufooka kwa matenda. Wadson atadutsa, anamuitanira pawindo n'kumupatsa uthenga umene unaulandirawo. Ine ndinamva kwa Wadsonyo, ali kale pa chiwongolero.

Ndinalowa kukawafunsa. Anati asungidwa ngati mfumu, alibe chodandaula, koma akupita kwawo. Ndinawakumbutsa za chidendene, kuti asisitere anena kuti fumbi la pamsewu ndi matope a kunyanja zikalowa pabalapo, phazi lingathe kudulidwa. Anati kuli bwino liwole phazi kusiyana n'kuti awole munthu yense. Sindinamve tanthauzo lake. Ndinayankhula nthawi yaitali, ndi mawu aja ndimayankhulira aphunzitsi aulesi. Atatopa kumvera anati sikomo aphunzitsi.

Dalesi, apa ndileke kaye nthabwala. Ndinaona kuti akakwera lole ali chomwecho, ataya phazi, ndipo ine ndiwataya iwo kachiwiri. Ulendo uno pakanakhala popanda wondibwezera.

Sanafune n'kukudikira komwe. Atamva kuti pali lole ya thonje yopita cha ku Liwonde, anati akwera imeneyo, akakumana nawe panjira. Tsikulo sindinapite kuntchito. Ndinawatulutsa pakhonde atavala kofiya yawo, ndodo ili m'manja, mapazi ali m'mabandeji ngati mitolo iwiri ya chinangwa. Anandituma kuti ndikatenge kamkeka ndi mikanda. Zotsalazo, anati, mukataye, musaziyang'ane.

Ndinagwada, n'kusuzumira pansi pa bedi. Nsalu yophimba ija inali itakokeredwa pambali. M'kalichero munali mchenga. Pamchengapo panali Kapitawo, atanjuta, mchira uli m'mwamba, akundiyang'ana ngati kalaliki wa paboma amene wina wamutsegulira chitseko osagogoda. Sanathawe. Anamaliza ntchito yake mosafulumira, n'kufotsera mbali zonse mwaluso, kenaka anatuluka n'kudzera pakati pa mawondo anga.

Ndinatuluka ndi lichero dzanja lino, mphaka dzanja linalo. Ndipo poti tsikulo ndinali ndisanamalize kupusa, ndinawafunsa abambo kuti n'chifukwa chiyani anamukonzera mphaka chimbudzi m'chipinda chawo osatiuza.

Anayang'ana m'licheromo mpaka ndinamva manyazi ndisanadziwe chifukwa chake. Kenaka anati mchenga umenewo ndi umene amasambira akamaima pamaso pa Mulungu.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana wa eni. Munthu asanaswali amasamba nkhope, mikono ndi mapazi, zimenezo ndikuzikumbukira. Koma amene ali ndi bala losafuna madzi, amasamba pabwinopo, ndipo m'malo mwa pabalapo amamenya zikhato pa dothi loyera la fumbi n'kudzipaka kumaso ndi m'mikono. Akuti ndi tayamamu. Ife ana a kunyanja tinaziona kuti zimenezi? Kwathu madzi amachita kulowa okha m'nyumba. Iwo anafunsa kwa mwalimu wa kumzikiti asananyamuke, ndipo poti dothi la ku Balaka sankalidziwa kuti wapondapo ndani, anatenga lakwawo, la pakamtunda kaja kuseri kwa nyumba, kumene sikufika galu.

Ndipo akuti anakawatapira mchengawo ndiwe. Iwe Dalesi, unali ndi pakamwa pouza Wadson njira ya ku Balaka, koma pakamwa pomuuza kuti m'thumbamo si mpunga panasowa? Alamu, apa muimirire kaye, mumuyang'ane.

Tsiku loyamba atapeza zimene mphaka wachita, anandipempha kuti ndiwasiye pawindo, n'kutaya mchenga wonsewo kunja, n'kuthiramo wina wa m'thumba. Mawa lake chimodzimodzi. Anaphimba ndi nsalu, mphaka anakoka nsaluyo. Anamuopseza ndi ndodo, mphaka anaphunzira kubwera iwo ali pakhonde. Thumba linatha. Wotsala m'licheromo unali najisi, wodetsedwa, wosati munthu n'kuyandikira nawo pemphero. Chiyambire pamenepo sanaswali. Munthu amene sanadumphepo swala chichokere kujando, anagona chagada m'nyumba ya mwana wake akumva nthawi zikudutsa imodzi imodzi.

Ndinawafunsa kuti bwanji sananene. Anati mlendo saimba mlandu chiweto cha mwini nyumba. Anati nyumba ino ili ndi malamulo ake amene iwo sawadziwa, ndipo sakanadziwa ngati kwa Akhristu mphaka ali ndi malo ake amene saletsedwa. Anati komabe anali atayamba kusonkhanitsa mawu oti andiuze, tsiku lomwelo n'kuona ine ndikulowa ndi mphika.

Apa anayang'ana kumsewu, osati kwa ine, n'kufunsa kuti kodi mphika uja unali wa yani.

Ndakhalapo pa mayeso ambiri, mlongo wanga, koma funso lopanda poyambira ngati limeneli sindinalionepo. Kunena zoona kunali kuwavula pamaso pa mpongozi wawo. Kukhala chete kunali kuvomera. Ndinangoima, mphaka akupalapata m'dzanja langa.

Anatipulumutsa ndi Bernadetta. Anali atagwada patali, pakhomo pa khitchini, nkhope atalozetsa kumtondo monga amachitira abambo akakhala pafupi. Anayankhula ngati akuuza mtondowo. Anati auzeni abambo kuti unali wa mphaka.

Bodza loonekera ngati dzungu pa denga. Aliyense pakhondepo anadziwa kuti ndi bodza, ndi Kapitawo yemwe. Ndinaona ndevu za abambo zikuyamba kunjenjemera, ndipo ndinati basi, zatha. Koma anati ooh, ndiye kuti amphaka a kuno nawonso anapita ku Makerere, amadziwa kuvundukula chivundikiro, akamaliza n'kubwezerapo.

Anaseka, Dalesi. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka kofiya inagwa. Kuseka kumeneko ndinakumva komaliza amayi ali moyo. Bernadetta anathawira kuseri kwa khitchini, ndipo tinkangomva akulimbana ndi mpweya.

Ine mkwiyo wonse unagwera pa mphaka wako. Ndinaitanitsa thumba kuti ndimumangemo akwere lole yomweyo, akatsike kulikonse kumene woyendetsa angakonde, ngakhale pakati pa Shire. Abambo anakana. Anati chome ameneyu, kunena mphakayo, alibe mlandu. Ndi wakwathu, anabadwira pamchenga umenewu. Wakhala miyezi yonseyi akukanda phulusa la eni, lero wapeza Chiuta pansi pa bedi, ndiye mumafuna atani? Anati iwonso mchengawo anabwera nawo pa chifukwa chofanana, kusiyana kwake n'kwakuti wina anafuna kuugwira ndi manja. Anamaliza ndi kunena kuti mphaka akakwera lole, iwonso akwera.

Ndinawafunsa kuti nanga mphaka akatsala?

Anafunsa kuti kodi m'Balaka monse muno mulibe dothi limene munthu sanapondepo. Lole inafika, inaliza hutala pamsewu, ine ndinaikwezera dzanja kuti ipitirire, ndipo iwo anachita ngati sanaione.

Masana omwewo ndinawakhazika pa kaliyala ya njinga, mapazi nditawakulunganso m'nsalu, khasu nditamangirira, ine n'kumakankha. Ukanaona anthu mmene ankatiyang'anira. Cha kunjanji ndinawaonetsa malo, anakana, ati malasha, ndiponso akudziwa zimene anthu amachita kuseri kwa mabogi. Kupitirira kumene amapunthira thonje ndinawaonetsa pena, ati apa padutsa nkhumba, taonani mapazi. Pena ati agalu. Pena sananene chifukwa, anangopukusa mutu ngati ndawaonetsa nsomba ya dzana. Munthu wosayenda ameneyu anandiyendetsa mpaka nyumba za ku Balaka zinabisika.

Potsiriza analoza ndi ndodo chulu chachitali pakati pa minga, kutali ndi njira. Anati pamwamba penipeni. Ndinakwera, buluku likung'ambika, woyendera sukulu wathunthu, khasu paphewa. Nditangogwetsa khasu kamodzi ndinamva kumbuyo kwanga akuti osati apo iwe, uko, kodi maso ulibe?

Iwe. Osati aphunzitsi. Ndinakumba pamene analozapo nditawafulatira, chifukwa nkhope yanga sinali yoti aione.

Bernadetta anasinja dothilo, analisefa ndi sefa watsopano, n'kuliyanika pa nsalu yoyera iye atakhala pambali ndi kamtengo kuopa akuba amiyendo inayi. Tsopano limakhala m'chitini cha mabisiketi chotseka zolimba, pamwamba pa shelefu. Madzulo amenewo anapempha madzi. Anachedwa kwambiri m'chipindamo, akubweza swala zonse zimene zinawadutsa, ndipo atamaliza anadya mbale yonse n'kufunsa ngati kukhitchini kwatsala kanthu.

Zatsala ndi za mphaka wako, ndipo pamenepa ndiye pali ntchito.

Pansi pa bedi ndinachapa ndekha ndi madzi otentha, sopo ndi phulusa, n'kutikitapo mandimu, chifukwa mphaka amabwerera pamene pakununkha iye mwini. Chitseko cha chipindacho chimakhala chotseka abambo akatuluka. Lichero lija ndi mchenga wake tinamupatsa mwini wake watsopanoyo. Mchengawo ndinautsuka, ndinauyanika, lichero n'kukaliika kuseri kwa khitchini pansi pa denga pamene sipafika mvula. Ndinamunyamula Kapitawo kukamuonetsa. Ananunkhiza, anandiyang'ana ngati ndamutsitsa udindo, koma analowamo.

Kumumenya sikuthandiza, ndinayesa kamodzi ndi nyuzipepala ndipo abambo anandikalipira ngati ndamenya mdzukulu wawo. Chimene chimathandiza n'kumusungira malo ake aukhondo, chifukwa akapeza muli za dzulo amakafuna pena. Ndiye m'mawa uliwonse, anthu a ulemu wawo akumwa tiyi, mlongo wako amakhala atanjuta kuseri kwa khitchini ndi phale, akuchotsa zimene bwana wasiya. Abambo analamula kuti ntchito imeneyi ndi yanga, Bernadetta asaigwire. Amafunsa ali pakhonde ngati ndamaliza.

Vuto n'lakuti mchenga umachepa tsiku ndi tsiku. Ndinati ndichenjere, ndinakatapa wina kumtsinje wa Rivirivi n'kusakaniza. Kapitawo ananunkhiza kamodzi, anachoka, ndipo maganizo ake pa nkhaniyo ndinawapeza Lamulungu m'mawa m'nsapato yanga ya kutchalitchi. Ndinapita ku Misa ndi nsapato za kuntchito. Abambo, amene anakana kudya kwanga zaka zonsezi, avomera dothi la ku Balaka. Mphaka wakana. Ndachita kusefa mchengawo kuti ndipatule wakwathu, ndipo umene watsala sungadzaze chipewa. Masiku ano amakhala pansi pa shelefu n'kumayang'ana chitini cha abambo ndi maso amene sindikuwakonda.

Mphika uja Bernadetta anauboola pansi n'kudzalamo tsabola. Uli pakhonde. Abambo amaufunsa moni m'mawa uliwonse.

Tsono pempho langa ndi ili. Usabwere kudzawatenga. Ngati wanyamuka kale ndipo kalatayi yakupeza panjira, fika ndithu, mphasa ilipo, koma ubwere ngati mlendo wodzaona odwala, ndipo udzabwerere wekha. Ukafika ndi nkhope ya munthu wodzapulumutsa bambo ake, ukuwadziwa, adzachita manyazi kubweza mawu amene anatuma, ndipo adzakwera lole chifukwa cha manyaziwo. Ndithandize pamenepa monga unandithandizira poyamba.

Ndipo unditumizire mchenga. Thumba lathunthu, la pakamtunda pomwe paja. Umuuze Wadson kuti asaliike pansi pa madengu a nsomba, ndipo akafunsa kuti n'chiyani, umuuze kuti ndi mpunga, poti bodza limenelo linayenda kale bwino ulendo woyamba. Ndikudziwa kuti kunyanja konse adzamva kuti mwana wa Che Sabiti anaphunzira mpaka kuyamba kuitanitsa dothi pa lole. Aseke. Abambo akuti uikemonso ulusi wa maukonde ndi chosokera chawo chija, manja akuwayabwa. Akuti bwato aliyang'anire a Jimu, asalibwereketse kwa anthu a kutsidya.

Alamu, apa tsitsani mawu, ana asamve.

Pali chifukwa chimene abambo anamuletsera Bernadetta kuwerama pa lichero la mphaka. Mlamu wakoyu sali yekha. Ine ndinauzidwa posachedwapa, koma iwo akuti anaona kalekale, pa kayendedwe kake popita kuchitsime, ndipo akudabwa kuti kusukulu kuja tinkaphunzira chiyani. Anena kuti mapazi akapola sachoka. Adikira kufikira aone ndi maso awo, mvula igwe kapena isagwe.

Ndipo takangana kale. Iwo akuti mwanayo akangobadwa adzamunong'oneza mawu a Mulungu m'khutu monga anachitira ndi ife, ndipo dzina ali nalo kale. Ine ndati mwanayo adzabatizidwa, ndipo dzina lili kwa ine. Iwo ati khutu ndi la mdzukulu wawo, madziwo ndidzathire pamutu ngati ndikufuna, mutu ndi waukulu. Ine ndati tidzaona. Iwo ati ndinali wamakani chibadwire, ndinatengera kuchikazi. Dzulo tinakangana kuyambira pa chakudya cha masana mpaka nkhuku kulowa, Bernadetta n'kuchita kutilanditsa ndi tiyi. Nkhaniyo sinathe, ndipo sindikudziwa kuti idzatha bwanji.

Zikomo, Dalesi. Zaka zonsezi ndinali ndi bambo wondipatsa moni. Wokangana naye ndinalibe. Ndimafulumira kupalasa njinga pobwera kuntchito kuti ndikapitirize pamene tinasiyira.

Undiperekere moni kwa amalume ku Ngokwe, uwauze kuti mlamu wawo akunenepa. Moni kwa Nelia ndi abale ake, kwa mwalimu amene anawalangiza abambo, ndi kwa onse ofunsa za ife padoko. Bernadetta akuti akukukumbuka, ndipo akuti ukadzabwera muli ndi nkhani zanu zimene sizikundikhudza. Abambo akuti usadere nkhawa, ndiponso usamalire nkhuku zawo.

Mulungu, amene iwe ndi ine timamuitana mosiyana, akusunge pamodzi ndi a m'nyumba mwako, akupatseni mvula yabwino ndi nyanja yofatsa.

Ndine mlongo wako,
Ambrose